Zolemba za miyezi yanga yoyamba poyang'anira wodi ya amayi oyembekezera

Sabata yoyamba ya Epulo 2024

Lolemba a Matron anandiitanira mu ofesi yawo n'kundipatsa kalata yonena kuti ndigwirizire udindo woyang'anira wodi ya amayi oyembekezera pamodzi ndi chipinda chochilira kwa miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa amene amayang'anira wodiyi apita kukawonjezera maphunziro. Ndaganiza zolemba momwe ntchitoyi ikuyendera mwezi ndi mwezi, kuti ndidzakhale ndi pokumbukira pamene a Matron azidzandiunika, komanso chifukwa anzanga angapo amene tinaphunzira limodzi akhala akundifunsa kuti namwino wozolowera kuima pa bedi la wodwala amayamba bwanji kuyang'anira anzake.

Ndinayamba ntchito monga namwino ndi mzamba wa dipuloma, amene m'chipatala timangoti NMT, nditaphunzira zaka zitatu pa koleji ina ya CHAM, bungwe la zipatala za mishoni. Nditagwira zaka zisanu pa chipatala chaching'ono cha kumudzi ndinabwerera kusukulu ku Kamuzu College of Nursing, imene mu 2021 inaphatikizana ndi College of Medicine kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo nditatenga digiri ananditumiza pa chipatala chino cha boma. Kusukuluko tinali ndi phunziro la utsogoleri ndi kayendetsedwe ka ntchito ndipo ndinalikhoza bwino, komabe pamene amene ndikuwalowa m'malo anayamba kundiwerengera zimene akundisiyira, ndinaona kuti zambiri mwa izo ndakhala ndikuzidutsa tsiku ndi tsiku osadziwa kuti pali munthu amene amazisenza.

Anandipatsa mtolo wa makiyi, ndipo kiyi amene anandichenjeza naye kwambiri ndi wa kabati ya DDA, ya mankhwala oopsa otetezedwa ndi lamulo, mmene timasungamo pethidine, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Tinawerenga mabotolo onse limodzilimodzi, tinayerekeza ndi zolembedwa m'buku, kenaka tonse awiri tinasaina. Anandipatsanso mafaelo a anamwino, buku la tchuthi, mndandanda wa katundu wa m'wodi kuyambira mabedi mpaka makina oyezera kuthamanga kwa magazi, ndi kope lakale limene analembamo zipangizo zonse zowonongeka zimene anakazinena ku ofesi yokonza zinthu koma sizinabwerebe.

Tagwirizana ndi a Matron kuti pa miyezi imeneyi ndiike mtima pa zinthu zitatu. Choyamba ndi ndandanda wa ntchito, umene tonse timautchula kuti rosita, kuti ukhale wachilungamo ndipo uzituluka nthawi yake. Chachiwiri ndi zipangizo zothandizira mayi amene wayamba kutaya magazi atachira, kuti zizipezeka malo amodzi usana ndi usiku. Chachitatu ndi partograph, fomu yolembapo momwe mayi ndi mwana alili pa nthawi yochira, kuti izilembedwa pa nthawi imene mayi akuyezedwa. Popeza chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, anandiuzanso kuti ndiyambe kuphunzira momwe zofuna za wodi zimalowera m'ndondomeko ya boma lathu.

Kumapeto kwa Epulo

Rosita ya Meyi ndailemba katatu ndisanaikhome pa khoma. Pa pepala tilipo anamwino ndi azamba khumi ndi anayi, koma mmodzi ali pa tchuthi cha uchembere, wina ali kusukulu, wina dokotala anamuletsa kugwira usiku, ndipo atatu angomaliza kumene maphunziro moti sangasiyidwe okha m'chipinda chochilira. Naiti yathu imayamba 5 koloko madzulo n'kutha 7:30 m'mawa, kutanthauza maola khumi ndi anayi ndi theka. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, choncho munthu akagwira manaiti anayi otsatizana wafika kale pa maola 58, ndipo ndiyenera kumubwezera masiku opuma amene amasiya mpata pa ntchito ya masana. Mipata imeneyi timaitseka ndi lokamu, ntchito yowonjezera yolipidwa padera, koma ndalama ya lokamu imabwera mochedwa, ndipo chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzanga ambiri amaona kuti mtengo wa minibasi ndi chakudya cha tsikulo zikudya gawo lalikulu la zimene akanalandira.

Pamwamba pa izi pali zopempha. Wina amapemphera Loweruka, wina amafuna Lachisanu masana akhale ku mzikiti, wina amapita kusukulu kumapeto kwa sabata, ndipo maliro sapangana ndi rosita. Kale zopemphazi zinkanenedwa pakamwa m'khonde, ndipo amene anali pafupi ndi woyang'anira ndiye ankamvedwa. Ndaika buku pa tebulo la anamwino kuti aliyense azilemba pempho lake tsiku la 20 lisanafike, ndipo pansi pa rosita ndawonjezera mzere wosonyeza manaiti ndi masiku a kumapeto kwa sabata amene munthu aliyense wapatsidwa, kuti aliyense aziona yekha.

Mzere umenewu ndi umene unabweretsa amayi ena mu ofesi mwanga. Amayiwa ndi NMT amene agwira ntchito zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndi iwo amene anandigwira dzanja pondiphunzitsa kusoka mayi amene wang'ambika pochira, pamene ndinabwera pano monga wophunzira. Nthawi zonse ankandiitana kuti mwana wanga, koma tsikuli anaima pakhomo n'kunena kuti, "A Sisita, mwandipatsa manaiti asanu ndi atatu pamene ana awa mwawapatsa asanu. Kodi ndakulakwirani chiyani?" Ndinawapempha kuti akhale pansi, ndipo ndinawafotokozera kuti usiku uliwonse ndimafuna pakhale mzamba mmodzi wodziwa kuchiritsa mwana wobwera chamatako, kuchotsa nsengwa yokanirira, ndi kupereka magnesium sulphate kwa mayi amene wayamba kukomoka, ndipo anthu otere m'wodi muno ndi anayi okha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndiye kuti luso langa lasanduka chilango changa."

Sindinawayankhe nthawi yomweyo chifukwa ananena zoona. Rosita imene ndinaiona kuti ndi yoteteza odwala inali kutsamira pa misana ya anthu anayi omwewo, ndipo ngati mmodzi wa iwo atadwala, yonseyo ikanagwa. Mawa lake ndinawapempha kuti apirire mwezi umodzi kapena iwiri, koma kuti pa naiti iliyonse ndiziwapatsa mtsikana yemweyo mwa atatu atsopanowo, amuphunzitse mwadongosolo mpaka adzathe kutsogolera naiti payekha. Anavomera, koma anandiuza kuti adzandikumbutsa lonjezoli.

Pakati pa Meyi

Mwezi uno ndalakwitsa chinthu chimene chikanapha munthu, ndipo ndichilemba monga mmene chinachitikira.

Lachiwiri ndi tsiku limene wodi yathu imaitanitsa katundu ku famase, ndipo fomu imayenera kukafika isanakwane 12 koloko masana, itasainidwa ndi woyang'anira wodi. Lachiwiri limenelo mabedi onse a m'chipinda chochilira anali odzaza ndipo amayi awiri anali pa matiresi pansi. Ndinasiya fomu mu dilowa ndili pakati poilemba, ndinavala magolovesi, ndipo ndinachiritsa amayi atatu. Ndiyenera kuvomereza kuti tsikulo mtima wanga unali m'malo kuposa tsiku lina lililonse chilandirireni udindowu, chifukwa ndinkagwira ntchito imene manja anga amaidziwa. Pamene ndinkavula magolovesi nthawi inali itadutsa, ndipo ndinadziuza kuti katundu amene alipo atifikitsa sabata yamawa, ngakhale kuti sindinapite kukamuwerenga.

Lachisanu usiku, cha m'ma 2 koloko, foni yanga inalira. Mayi wina amene anali atangochira mwana wake wachisanu ndi chimodzi anayamba kutaya magazi chifukwa chiberekero sichinkalimba. Oxytocin, jakisoni wolimbitsa chiberekero, analipo ndipo anamubaya mayiyo mwana atangobadwa monga mwa dongosolo, koma pamene anafuna kumuika madilipi awiri, makanyula aakulu anali atatha ndipo thumba la Ringer's lactate linali limodzi lokha. Wothandizira m'wodi anathamanga mumdima kukabwereka ku wodi ya amayi, pamene amayi aja amene anandiphunzitsa kusoka anali atagwira chiberekero ndi manja awiri, akukakamiza kuti magazi achepe, uku akumuuza chochita mtsikana amene ankamuphunzitsa uja. Pamene ndinkafika, mayiyo anali atalandira dilipi ndipo magazi oti amuike anali m'njira kuchokera ku labotale. Milomo yake inali yotuwa ndipo ankafunsa mwana wake ndi mawu otsika kwambiri. Gadiyani wake, gogo wachikulire, anali atakhala pansi m'khonde atafungatira nsalu zonyowa magazi. Mayiyo anapulumuka ndipo anatuluka patatha masiku anayi.

Lolemba a Matron sanakweze mawu. Anandifunsa kuti, "Lachiwiri munali kuti, a Sisita?" Ndinayankha kuti ndinali m'chipinda chochilira. Anafunsanso kuti, "Nanga pa tebulo lanu panali ndani?" Kenaka anandiuza kuti amayi atatu amene ndinawachiritsa akanatha kuchiritsidwa ndi mzamba wina aliyense ndikanakhala kuti ndinaitanitsa thandizo ku wodi ina, koma fomu ija panalibe wina amene akanaisaina. Anawonjezera kuti sakundiletsa kugwira odwala, ndipo woyang'anira amene wasiya kugwira odwala amataya luso ndi ulemu womwe, koma ndizilowa m'chipinda chochilira nditamaliza zimene ndi ine ndekha ndingachite. Pa lipoti la m'mawa ndinauza anzanga onse kuti kusowa kwa makanyula kunachokera kwa ine, chifukwa ena anali atayamba kale kuloza chala amene anali pa naiti.

Juni

Mwezi uno tautha pokonza bokosi la mayi wotaya magazi. Ndi bokosi la pulasitiki lokhala ndi chivundikiro, ndipo tinaikamo makanyula aakulu, mapaipi a dilipi, matumba a madzi a dilipi, paipi yotulutsira mkodzo, magolovesi aatali, thonje, majakisoni, misoprostol ndi tranexamic acid, mankhwala oletsa kutaya magazi, ndipo achiwiriwa amathandiza kwambiri akaperekedwa maola atatu asanathe chichirireni. Pa chivundikiro tamatapo mndandanda, ndipo pa nthawi yopatsana ntchito, wotuluka ndi wolowa amatsegula bokosilo limodzi n'kusaina. Aliyense amene watengamo kanthu ayenera kubwezeretsa asanaweruke. Sabata yoyamba anthu ankatengamo magolovesi pa ntchito wamba, choncho tinayamba kulimanga ndi kachingwe kamene kamadulidwa pokhapokha pakagwa zadzidzidzi.

Oxytocin sangakhale m'bokosimo chifukwa amafunika kusungidwa mu firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, apo ayi amachepa mphamvu. Tapachika pepala pa chitseko cha firiji polembapo kazizidwe kake m'mawa ndi madzulo, ndipo tagwirizana ndi anzathu a katemera kuti magetsi akazima nthawi yaitali tizisamutsira mankhwalawa m'bokosi lawo lozizira. Pa phunziro la Lachinayi ndinafotokozera anzanga za kafukufuku wa E-MOTIVE amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, wochitikira m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, amene anasonyeza kuti kuyeza magazi otayika ndi pulasitiki yokhala ndi milingo ndiponso kupereka chithandizo chonse pamodzi mosadikira kunachepetsa kutaya magazi koopsa ndi pafupifupi 60 peresenti. Mapulasitiki amenewo ife tilibe, koma tagwirizana kuti tisamangoyerekeza ndi maso. Tikuyeza magazi mu jagi yokhala ndi milingo, ndipo akafika mamililita 500 timaitana thandizo nthawi yomweyo.

Makhadi olembapo katundu wa m'stolo tawayambiranso, ndipo katundu amene atha msanga mphamvu tamuika kutsogolo kwa shelefu. Gulu lathu la 5S, loona za ukhondo ndi dongosolo pa malo ogwirira ntchito, lachotsa m'stolo zinthu zowonongeka zimene zinakhalamo zaka. Fomu ya famase tsopano ndimailemba Lolemba madzulo.

Julayi

Uwu ndi mwezi umene wandilemera kuposa yonse, ndipo nkhani yake ndi ya partograph.

Kumayambiriro kwa mwezi mwana wina anabadwa atamwalira kumene, ngakhale kuti mayi ake anafika madzulo mtima wa mwanayo ukugunda bwino. Dongosolo la MPDSR limafuna kuti imfa za amayi ndi za ana ongobadwa ziunikidwe kuti tipeze pamene panaduka chingwe, ndipo mfundo yake ndi yakuti pa kuunikako sitchula dzina la munthu kapena kuimba mlandu. Pokonzekera msonkhanowo ndinatenga faelo ya mayiyo n'kuyang'ana partograph. Mtima wa mwana umayenera kumvetseredwa pa mphindi 30 zilizonse, ndipo pa pepalalo timadontho tonse tinalipo kuyambira 9 koloko usiku mpaka 3 koloko m'bandakucha, tonse pa 140, tolembedwa ndi cholembera chimodzi, motsetsereka mofanana, popanda dontho la madzi kapena chala cha golovesi pa pepala lonselo. Aliyense amene anagwirapo naiti m'chipinda chochilira amadziwa kuti partograph yolembedwa pa nthawi yake sioneka choncho. Inalembedwa zonse zitatha.

Amene anailemba ndi mnzanga wapamtima. Tonse awiri tinayamba ntchito pano m'chaka chofanana, takhala tikudyera limodzi nkhomaliro, ndipo mwana wake woyamba ndinachiritsa ndine. Ndinakhala ndi faeloyo masiku awiri ndisanamuitane, ndipo m'masiku amenewo ndinaganizapo zongoipititsa ku msonkhano mmene inalili, popeza pa pepala panalibe cholakwika. Chimene chinandiletsa ndi chakuti tikanapita nayo choncho, msonkhano ukanagamula kuti mayiyo anayang'aniridwa bwino ndipo imfayo inali yosapeweka, ndipo chimene chinachitikadi usikuwo chikanadzachitikiranso mayi wina.

Nditatseka chitseko ndinamuonetsa pepalalo osanena kanthu. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiuza mmene usikuwo unayendera. Anali awiri pa naiti, koma mnzake anaitanidwa ku thiyeta kukalandira mwana wa opaleshoni ndipo kunatsatizana maopaleshoni awiri, moti iye anatsala yekha ndi amayi asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo akukankha nthawi imodzi. Mayi uja anamumvetsera komaliza cha m'ma 11 koloko, ndipo pamene anabwereranso kwa iye patatha maola atatu, mtima wa mwana sunkamvekanso. Anadzaza partograph m'mawa chifukwa cha mantha. Anandifunsa kuti, "Iwe ukanakhala ine ukanatani?" Kenaka anadzikonza n'kunena kuti, "Pepani, inu a Sisita mukanatani?"

Ndinamuuza kuti kusiyidwa yekha ndi amayi asanu ndi mmodzi silinali vuto lake, ndipo ndikalinena ku msonkhano monga vuto la kagawidwe ka anthu, kamene ndi udindo wanga. Koma ndinamuuzanso kuti kulemba zimene sanayeze ndi nkhani ina, chifukwa faelo ya wodwala ndi umboni, ndipo laisensi imene tonse timalandira ku Nurses and Midwives Council of Malawi imatimanga kuti tizilemba zoona. Ndinamupempha kuti alembe lipoti la zimene zinachitika, ndi nthawi zake zenizeni, ndipo tinaliphatika ku faeloyo osafufuta kalikonse. Nkhani ya kulemba zabodzayo ndinaifotokoza kwa a Matron padera, ndipo iwo anamulangiza pamaso panga n'kulemba m'faelo yake kuti walangizidwa.

Msonkhano unagwirizana mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mzamba wa m'chipinda chochilira akaitanidwa ku thiyeta, namwino wa ku mbali ya amayi ochira kale azisamukira m'chipindamo mpaka winayo atabwera, ndipo woyang'anira chipatala usiku azidziwitsidwa. Yachiwiri ndi yakuti ngati mzamba walephera kuyeza pa nthawi yake, asiye malowo osalemba ndipo alembe chifukwa chake m'mbali. Ndauza anzanga kuti mpata pa partograph sindidzaukalipira, chifukwa mpata umandionetsa pamene anthu akuchepa. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndimatenga mapepala asanu a usiku wathawo n'kuwaunika pamodzi ndi amene anawalemba.

Mnzanga uja amagwira ntchito yake bwino ndipo amandipatsa moni mwaulemu, koma nkhomaliro amadyera kwina. Ndikalowa m'chipinda chopumira, nkhani zimene zinali mkati zimasintha. A Matron anandiuza kuti nawonso zinawachitikira ndipo zina zimabwerera mwakale pakapita nthawi, zina ayi. Mayi amene anataya mwana uja ndinakamuona asanatuluke, pamodzi ndi dokotala, ndipo tinamufotokozera iye ndi mwamuna wake zimene zinachitika.

Ogasiti

Kwa nthawi yoyamba ndinaitanidwa kukaimira wodi pa msonkhano wa akuluakulu oyendetsa zaumoyo m'boma lathu, amene timawatchula kuti DHMT. Ndinapita ndi pempho la makina awiri oyezera kuthamanga kwa magazi, kachipangizo kamodzi komvetsera mtima wa mwana, ndi namwino mmodzi wowonjezera pa naiti. Ndinayamba ndi kufotokoza momwe anzanga akutopera, ndipo onse anagwedeza mitu movomereza, koma woyang'anira za chuma anandikumbutsa mwaulemu kuti wodi iliyonse yanena zomwezo, pamene ndalama za ORT, zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene chipatala chimalandira ndi zomwezo zogulira mafuta a ambulansi yopita ku Kamuzu Central Hospital, chakudya cha odwala, madzi ndi magetsi. Anandipempha kuti ndibwere ndi manambala.

Sabata yotsatira ndinakhala madzulo atatu ndi kalaliki amene amalowetsa malipoti athu mu DHIS2, dongosolo la pa kompyuta losungamo malipoti a zaumoyo. Malipoti amenewa ndakhala ndikuthandiza kuwalemba kwa zaka zambiri kuchokera m'kaundula wa amayi ochira, koma ndinali ndisanawagwiritsepo ntchito pofunsa funso langalanga. Tinawerenga amayi amene anachira usiku poyerekeza ndi masana kwa miyezi itatu, tinaika pambali pake chiwerengero cha azamba pa nthawi iliyonse, ndipo tinawonjezera mipata ya pa partograph imene tsopano ikuoneka chifukwa anthu asiya kuibisa. Zinaonekeratu kuti mipata yambiri imagwa pakati pa 11 koloko usiku ndi 4 koloko m'bandakucha, pa masiku amene kunali maopaleshoni. Nditabwerera ndi pepala limodzi lokhala ndi zimenezi, anavomereza lokamu ya munthu wachitatu pa manaiti a Lachisanu ndi Loweruka, ndipo makina amodzi oyezera kuthamanga kwa magazi anaperekedwa kuchokera ku stolo yaikulu. Kachipangizo komvetsera mtima kalembedwa m'ndondomeko ya chaka chamawa.

Tinapezanso kuti kaundula wathu ndi lipoti la mwezi zinkasiyana pa chiwerengero cha ana obadwa ochepa sikelo, amene safika magalamu 2,500, chifukwa ana otumizidwa ku chipinda cha kangaroo, kumene amayi amafungatira ana otere pachifuwa, ena sankalembedwa. Takonza zimenezi poika munthu mmodzi woyerekeza mabuku awiriwa lipoti lisanatumizidwe.

Maphunziro a Lachinayi akupitirira, ndipo ndakonza kuti azilembedwa m'mabuku a CPD a aliyense, olembamo maphunziro owonjezera luso, popeza bungwe lotipatsa laisensi limafuna umboni wa maphunziro otere pokonzanso laisensi chaka ndi chaka. Sindikuphunzitsa ndekha ayi. Phunziro la kuchiritsa mwana wobwera chamatako anaphunzitsa amayi aja pogwiritsa ntchito chidole, ndipo ngakhale a kiliniko anabwera kudzamvera.

Sabata yomaliza ya Seputembala

Miyezi isanu ndi umodzi yatha, ndipo dzulo tinakhala pansi ndi a Matron kuunika zitatu zimene tinagwirizana mu Epulo.

Rosita ikutuluka tsiku la 25 lisanafike. Mtsikana amene amayi aja amamuphunzitsa anatsogolera naiti yake yoyamba sabata yatha. Usikuwo ndinagona foni ili pafupi ndi khutu, koma sinalire, ndipo m'mawa anapereka lipoti la amayi asanu ndi awiri ochira bwino ndi mmodzi amene anamutumiza ku thiyeta pa nthawi yake ataona kuti mzere wa partograph wadutsa malire. Pa rosita ya Okutobala amayi aja ali ndi manaiti asanu, ndipo ataiona anabwera kudzandiuza kuti ndiwapatse mtsikana wachiwiri. Potuluka anandiitana kuti mwana wanga.

Bokosi la mayi wotaya magazi latsegulidwa kangapo chiyambireni Juni ndipo nthawi zonse lapezeka lokwanira, kupatula sabata imodzi imene tranexamic acid anasowa m'chipatala chonse. Pepala la firiji likulembedwa bwino m'kati mwa sabata koma Lamlungu limaiwalika, ndipo ndaika dzina la munthu woliyang'anira pa rosita penipeni. Pa partograph sitinafike pamene ndimafuna. Kulemba zonse pamapeto kwachepa kwambiri, koma mipata idakalipo pa masiku amene tilibe munthu wachitatu, ndipo kuthamanga kwa magazi kwa mayi ndi kumene kumasiyidwa kawirikawiri chifukwa makina ndi ochepa.

Pali zina zimene sindinaziyambe n'komwe. Sindinakhale pansi ndi namwino aliyense payekha kuti tiunike kagwiridwe kake ka ntchito monga mafomu a boma amafunira. Othandizira m'wodi ndawasiya m'mbuyo pa maphunziro a kapewedwe ka matenda, ngakhale kuti ndi iwo amene amatsuka zipangizo ndi kutaya zinyalala zoopsa. Madandaulo a magadiyani okhudza kalankhulidwe kathu ndimangowamva akafika kale kwa a ombudsman a chipatala, ndipo ndikufuna kuti mwezi wamawa ndiyambe kukumana nawo ku malo awo ogona kamodzi pa sabata. Malamulo a ogwira ntchito m'boma ndawerenga gawo la tchuthi lokha, pamene gawo la chilango ndi limene ndikufunika kulidziwa bwino ndisanakumanenso ndi nkhani yonga ya Julayi.

Amene ndikuwagwirizira udindo awonjezera chaka china kusukulu, choncho a Matron andipempha kuti ndipitirize mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo ndavomera. Andilangizanso kuti malo a Senior Nursing Officer akalengezedwa ndidzalembe kalata, ndipo alonjeza kuti kamodzi pa mwezi ndizikhala nawo pamene akugawa anamwino m'mawodi onse, kuti ndione momwe chosowa cha wodi yanga chimayezedwera pamodzi ndi cha wodi ya ana ndi ya abambo. Ndawapempha kuti Lachitatu lililonse m'mawa ndizikhala m'chipinda chochilira monga mzamba wamba, wina atandigwirira tebulo, ndipo avomera kuti tiyese kwa miyezi iwiri. Mtsikana wachiwiri ayamba manaiti ake ndi amayi aja pa 7 Okutobala.